Kompyuta Yogona M'dzenje

Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma iwe wa chipewa chofiirawe, iwe amene wakhala ukudinadina kakompyuta kako kuchokera m'mawa koma osayaka, uyambe wandimva usananene kuti nkhalamba Zakariya sadziwa za makina. Chapa, minibasi yathu ija, sifika msanga lero, yatitimira m'matope, ndiye khalani pa matumba a mbatatawo mutchere khutu. Ine kompyuta ndinaimanga ndi manja awa, inu nonse musanabadwe, nkhondo ili pachimake, kuno konkuno ku Furancungo, ndipo amene akuti ndikunama akafunse akazi anga aNajere, awo akugulitsa nyemba pansi pa mtengowo. Ayi, osati panopa, ali ndi ogula. Mukawafunsa ndikamaliza.

Ine kwathu ndi ku Tsangano, kumene kumazizira moti tambala akalira m'mawa mawu ake amaundana m'mwamba n'kudzamveka masana dzuwa litatentha, ndipo kumeneko ndinali wokonza mawailesi, wailesi yakufa ikangomva kuti akupita nayo kwa Zakariya inkayamba kuyimba ikadali m'njira. Nkhondo itavuta ndinatsatira akazi anga kuno, kumene mlongo wawo Inasiyo anali purofesoro, ndiye kuti mphunzitsi wa pasukulu, pashikola monga timanenera kuno. Mlamu wangayo anali munthu wochepa thupi, wa mawu apansipansi, koma anali ndi ntchito imene anadzipatsa yekha. Anthu ankathawa uku ndi uku, ena kulowera ku Malawi, ena kubwera kuno kuchokera ku Chidzolomondo ndi mitolo pamutu, mwana kwina mayi kwina, ndiye iye ankakhala pakhonde la shikola n'kumalemba aliyense wodutsa: dzina, kumene wachokera, kumene akulowera, ndi amene akumufuna. Munthu akabwera kudzafunsa za m'bale wake, Inasiyo ankatsegula kaderno, kope lake lolembamo lija, n'kuyang'ana. Makaderno oyamba anapsa pamodzi ndi denga la shikola. Achiwiri anawakwirira pansi, chiswe chinadya mayina onse n'kusiya timawaya ta pakati tokha. Tsiku limenelo ndinamupeza atakhala pachulu akulira ngati wafedwa, ndipo ine mtima unandipweteka.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti wansembe wina wachizungu, pochoka ku Tsangano, anandisiyira makompyuta atatu akufa, ina yolasidwa ndi chipolopolo, ina yonyowa ndi mvula, ina yodyedwa ndi makoswe. Ndinapita wapansi kukawatenga. Mukumva? Wapansi, ndipo ndinasenza onse atatu pamutu, galasi loonerapo kumsana, kajeradoro kopangira magetsi m'khwapa, osadzera mumsewu chifukwa unali wodzaza mabomba okwirira, koma kudula m'mapiri, kuwoloka mitsinje madzi akundipitirira pamutu ine ndikupumira m'bango, njoka inandiluma pachidendene n'kufa yokha, ndipo ulendo umene kamiyau, lole ija, inkayenda masiku awiri ine ndinautha dzuwa limodzi, ndinafika kuno mbatata imene ndinaotcha ku Tsangano ikadali yotentha m'thumba.

Kumanga kwake kunali kotere. M'yolasidwa ija ndinatengamo plaka, thabwa lobiriwira lija limene pamakhala ubongo wonse. M'yonyowa ndinazulamo timemoriya, tizidutswa takuda ta miyendo yambirimbiri ngati bongololo, timene timagwira zimene makina akuganiza. M'ya makoswe munatsala chigawo cholandira magetsi, chimene chili ndi kachokupizira mphepo kozungulira. Zonsezi ndinazilumikiza ndi msomali wotenthetsa pamakala, n'kuziika m'bokosi la malata limene aNajere ankasungiramo nsalu zawo, ndipo kumbuyo kwake ndinabowola timabowo kuti makina azipuma. Timabowo timeneto mutikumbukire. Nditadina koyamba inalira kamodzi, pii, galasi linawala mbee, Inasiyo anakhala pansi n'kuyamba kulembanso mayina onse amene anali m'mutu mwake, ndipo anthu anayambanso kufola pakhonde la shikola.

Tsono inu ana a mtendere simudziwa mmene tinkakhalira. Masiku amenewo munthu sankagona m'nyumba. Dzuwa likapendeka, aliyense ankatenga chimene ali nacho, njinga, makina osokera, mapoto, n'kukakwirira m'dzenje m'munda, kenako kukwera kuphiri, m'mawa kudzafukula. Ndipo popeza chiswe cha m'boma lathu lino la Macanga sichiseka ndi munthu, aliyense ankadziwa mankhwala ake: poika katundu m'dzenje umayala masamba a fodya owuma pansi ndi pamwamba, chiswe chikanunkhiza chimabwerera. Kompyuta nayo inkagona m'dzenje kuseri kwa shikola, madzulo kukwirira, m'mawa kufukula, ngati chinangwa. Wokwirira ndinali ine, chifukwa Inasiyo nthawi imeneyo ankakhala akuperekeza ana kuphiri.

Patapita masabata angapo inayamba kudwala. Ukaidina m'mawa inkangoti pii, pii, pii, kenako zii, galasi lakuda bii. Udinenso, chimodzimodzi. Ikati yadzuka, mwina ulendo wachinayi, inkayenda ngati ng'ombe yokoka ngolo m'dambo, moti Inasiyo ankadina chilembo chimodzi, ine n'kupita kukalima mzere wonse, pobwera n'kupeza chilembo chija chikungotulukira kumene, ndipo nkhuku ya aNajere inaikira mazira pamwamba pa bokosilo, n'kufungatira, n'kuswa, anapiye n'kuyamba kuyenda, dzina limodzi lisanathe. Iwe wa chipewa, usapukuse mutu, nkhukuyo zidzukulu zake zilipo mpaka lero. Choopsa kwambiri chinali chakuti inkazima pakati pa dzina, munthu ali pomwepo akudikira kumva za mwana wake. Ukagwira bokosi linkatentha ngati mphumi ya wamalungo. Ine ndinauza Inasiyo kuti ndi chinyezi cha m'dzenje, ichira yokha.

Sinachire, ndipo kulira kwake kuja ndiko kunatiitanira tsoka. Sabata imeneyo koluna, mndandanda wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, inawomberedwa panjira yochokera ku Tete, anthu anafa. Wina wake anakanong'oneza ku kwartelo, kumsasa wa asilikali, kuti purofesoro ali ndi makina amene amalira pii pii m'mawa uliwonse, madzulo amawabisa pansi, ndipo ndi amene amauza anthu a m'tchire tsiku lobwera magalimoto. M'mawa wotsatira, ife tikungoitulutsa kumene m'dzenje, dothi likadali pabokosi, tinangoona balamanthu asilikali atizungulira. Inasiyo anamumangirira kumtengo wa mango wa pabwalo la shikola, manja kumbuyo. Komandanti wawo anali mnyamata wowonda, maso ofiira psuu ngati sanagone mwezi wonse. Inasiyo anafotokoza kuti m'makinamo muli mayina a anthu osowana basi. Komandanti sanakweze mawu. Anayang'ana ine n'kunena kuti:

"Koluna inyamuka dzuwa likafika pamutu. Makinawa akandionetsa mayinawo, purofesoro atsala. Akakana, akwera nawo."

Tonse tinkadziwa kuti wokwera koluna ali womangidwa, ku Tete safika. Ndikuuzeni zoona, ndinaopa. Ine amene ndinapha njoka ndi chidendene, thukuta linkandiyenderera kumsana m'mawa wozizira, chifukwa moyo wa mlamu wanga unali m'bokosi la nsalu limene ndinabowola ndekha ndi msomali. Ndinaliza kajeradoro, ndinadina. Pii, pii, pii, zii. Asilikali anayang'anana, wina anati mwamva, ayamba kale kuwaitana.

Makina akadwala suwafunsa zonse pamodzi, umagwira chimodzichimodzi, zimenezi mulembe m'mutu. Ndinayamba ndi magetsi, chifukwa mafuta atasowa kajeradoro kaja ndinkakamwetsa kachasu, ndiye ndinaganiza kuti mwina kaledzera kakupereka moto wopepesuka. Chopimira ndinalibe, ndinangoika waya palilime, tsitsi lonse linaima njo, m'makutu munatuluka moto umene unayatsa ndudu ya msilikali amene anaima kumbuyo kwanga, ndinadziwa kuti magetsi ali bwino. Ndinatsegula chivundikiro cha pamwamba, ndinazula zingwe zonse, ndinapala mano ake ndi mpeni, ndinabwezera chilichonse pamalo pake. Ndinadina. Pii, pii, pii, zii. Mthunzi wa mango, umene poyamba unkafika pakhonde, unali utabwerera mpaka pakati pa bwalo.

Ndinati ndiye ndi timemoriya, kukwirira ndi kufukula kwatigwedeza. Ndinatizula ndi mano kamodzikamodzi, kukatsuka miyendo m'kachasu, kukapukuta ndi kolala ya malaya, kukakanikiza ndi chala mpaka kumva kuti thi, ndipo kamodzi kanandipulumuka n'kumezedwa ndi tambala, ndinamuthamangitsa kuzungulira shikola katatu, ndinamugwira miyendo n'kumukutumula mpaka analavula, komandanti akungondiyang'ana osaphethira. Nditadina inalira kamodzi kokha, galasi linawala, manambala anayamba kuyenda, mtima wanga unati bwerera m'malo. Dzina loyamba lisanatuluke, zii. Kumsewu magalimoto a koluna anali atayamba kuliza mainjini, ndipo anthu amene anabwera kudzafunsa za abale awo anali ataima patali, azimayi atagwira pakamwa.

Apa mutu unasokonekera. Ndinati chinthu chotentha thupi chimene chimakomoka m'mawa, chogona pansi pozizira, amenewa ndi malungo basi, ndipo wamalungo timamufunditsa. Ndinavula jekete, ndinabwereka bulangete la msilikali, ndinalikulunga bokosi lonse bwinobwino, ndinasendezanso mbaula ya makala pafupi kuti lithukutire. Ndinadina. Ulendo uno ngakhale pii sinanene, m'bulangete munangotuluka kautsi. Msilikali wina anakoka mfuti yake khetye, akuti ndikuwotcha umboni. Mthunzi unali utafika pamapazi a Inasiyo. Iye sankandiona bwino, anamumangirira choyang'ana kumsewu, koma anamva kuti zinthu zathina. Analankhula ndi mawu ake apansipansi aja:

"Alamu, ngati zakanika musadzivute. Mudzangouza anthu kuti mayina ndinawalembadi."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chipolopolo. Ndinagwada pafupi ndi bokosi, misozi ikulengeza, ndipo m'pamene mphuno iyi, imene imanunkhiza mvula kutatsala masiku atatu, inagwira fungo. Utsi uja sunali wa waya. Unali wa fodya. Ndinataya bulangete uko, ndinatembenuza bokosi, ndinapeza timabowo tonse ta kumbuyo tatsekeka, ndinang'amba malata a chigawo cha magetsi ndi zikhadabo, ndipo taonani, fodya thothotho, masamba atakulunga kachokupizira mphepo mpaka sikakanatha kugwedezeka, makina akhala akupuma utsi wawo womwe masabata onsewa. Ndinasolola, ndinasolola, fodya anadzaza dengu, anadzaza ngolo, asilikali onse a ku kwartelo anasuta mpaka nkhondo inatha. Komandanti anafunsa kuti fodya walowamo bwanji. Ndinamuuza kuti chiswe cha ku Macanga chinazolowera fodya wa m'mayenje mpaka chinayamba kusuta, ndiye chinkamututira m'bokosimo kuti asanyowe.

Koma kachokupizira kaja kanali katapsa, sikanazungulirenso, ndipo popanda mphepo makina akanazimanso. Ndiye ndinakoka mpweya. Mukumva? Ndinakoka mpweya umodzi mpaka masamba a mango anawerama kuloza kwa ine, ndinaika pakamwa pa timabowo, ndinauzira, zipewa za asilikali zinauluka, fumbi la pabwalo linakagwa ku Chidzolomondo, ndikuuzirabe ndinadina ndi chala cha kuphazi, inalira kamodzi, pii, galasi mbee, ndipo mayina anayamba kutsika mwaliwiro ngati nyemba zokhuthulidwa m'thumba.

Komandanti anawerama n'kuyamba kuwerenga. Anawerenga nthawi yaitali, chala chili pagalasi, dzuwa lili pamutu penipeni, woyendetsa koluna akuliza hutala kumsewu. Ine ndinkangoyembekeza kuti ayimirire anene kuti m'masuleni, koma sananene. Anafunsa ngati makinawo angafufuze dzina limodzi pakati pa onsewo. Ndinamuuza kuti angathe, koma zala zodziwa ntchito imeneyo zili kumtengo uko. Anatulutsa mpeni wake, anapita yekha, anadula chingwe. Inasiyo anabwera akudzandira, zala zitatupa ngati nthochi, anakhala pansi. Komandanti anatchula dzina la mkazi wina, Rozina, wa kumidzi ya ku Chidzolomondo, wa ana awiri. Inasiyo anadina chilembo chimodzichimodzi. Makina anafufuza, anafufuza, n'kuyankha kuti dzina limenelo mulibe.

Pamenepo ndinati basi tafa tonse. Koma komandanti anangovula chipewa.

"Ndiye lembani, purofesoro. Mulembe kuti mwamuna wake ali moyo, ali ku Furancungo, akumufuna."

Inasiyo analemba. Koluna inanyamuka yopanda iye. Kaya Rozinayo anadzapezeka, sindidziwa, komandanti anamusamutsa mvula isanagwe.

Mwamva tsono kuti Zakariya ndi ndani? Koma taimani, aNajere akuyang'ana kuno. Sendererani pafupi, nditsitse mawu.

Mphuno ija sinali yanga. Ine nditagwada paja sindinkanunkhiza kanthu, m'mphuno munali mamina a misozi okhaokha. ANajere ndi amene anadutsa pakati pa asilikali ndi lichero lawo m'manja, anali akupeta nyemba atamva kuti mlongo wawo wamangidwa, anagwada pambali panga ngati akundipatsa madzi, n'kundinong'oneza kuti: "Abambo, fodya amene mumalowetsa m'katimu madzulo, munayamba mwamuchotsapo?" Anali atandiona. Chiswe chosuta kulibe, anyamata inu. Ndine amene ndinkati kuyala masamba pansi ndi pamwamba sikukwana, ndinkapinda fodya n'kumamukankhira m'timabowo ndi kamtengo tsiku ndi tsiku, pomaliza ndinamata timabowoto ndi phula la njuchi, osauza munthu, kuti tsiku lina ndidzadzitame kuti makaderno a purofesoro chiswe chinadya koma bokosi la Zakariya sichinalilawe. Fodyayo sanadzaze ngolo, anali wodzaza manja awiri. Ndipo kuuzira kuja ndinauzira katatu, chizungulire chinandigwira, ndinakhala pansi. Amene anapatsa makina mphepo ndi aNajere, atagwada pafumbi, akukupiza ndi lichero osaleka, kuyambira dzina loyamba mpaka galimoto yomaliza itazimiririka, ndipo mawa lake mikono inali itatupa, sanathe ngakhale kumanga nsalu.

Inasiyo anakhala zaka zambiri pambuyo pake, zipsera za chingwe zili pamikono, ndipo paliponse pamene tinkakumana, pamaliro, paukwati, ankandigwira dzanja n'kuuza anthu kuti alamu anga awa anandichotsa m'kamwa mwa imfa. Mwana wake woyamba anamutcha Zakariya. Ine amene ndinatsala pang'ono kumukweza koluna chifukwa cha fodya wodzaza manja awiri ndinkangogwedeza mutu n'kumalandira. Ndinkati ndimuuza mawa, ndimuuza tikakolola, mpaka tinamuika m'manda ndisanamuuze. Kaya ankakhulupiriradi za chiswe chosuta, munthu wophunzira ngati uja, kaya ankadziwa n'kungondisungira ulemu, chimenecho ndi chimene chimandidya mpaka lero. Fodya ndinasiya tsiku lomwelo, ngakhale munda wake sindidutsamo.

ANajere sanauzepo munthu. Iwo chawo n'chimodzi: ndikangoyamba nkhani imeneyi, amatenga lichero n'kuyamba kupeta mwamphamvu, ngakhale nyemba zili zoyera kale. Tcherani khutu. Mukumva? Ndi limenelo.

Tsono iwe wa chipewa, bwera nako kuno kakompyuta kako, palibe makina amene anamukanapo Zakariya m'boma lonse la Macanga. Koma uyambe wadzera nako apo pamtengo, aNajere akakanunkhize kaye.